Mfuti Ziwiri za Achimwene Orval

Achimwene anga a Orval anali ndi mfuti ziwiri zosakira eliki, nyama yaikulu ya m'mapiri akuno yonga mbawala, ndipo anasankha yolakwika. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Koma poti anthu a m'tauni muno ayamba kuikhotetsa, ena akuti madala aja anali atalawa kachasu, ena akuti maso anali atatha, ndati ndiinene ndekha, ine Verna, mlongo wawo, amene ndinali pambali pawo.

Tinabadwira pa famu ya ng'ombe kumunsi kwa mapiri, kuno ku Montana, kumene mphepo imayamba anthu asanamalize kututa udzu n'kudzaleka ana a ng'ombe akuthamanga kale. Bambo athu, a Emmett Kessinger, anali munthu woumira mawu ngati amawagula. Pa za ulenje anatisiyira lamulo limodzi lokha. Ankati: "Ukaona dontho la magazi, nyama yako ndi imeneyo. Uipeze, usaipeze, chiphaso chako chatha."

Boma silinena choncho. Boma limati ukapha nyama, udule tsiku pachiphaso ndi mpeni, uchimangirire pa nyamayo. Ukaivulaza n'kukuthawa, palibe adzakufunse, ukhoza kukawombera ina mawa lake. Ambiri amatero ndipo amagona tulo tabwinobwino. Koma kwathu limenelo linali lamulo la bambo, ndipo achimwene analimeza ali mwana.

Moyo wawo sunali wa nkhani zambiri. Sukulu anailekeza panjira, n'kulowa ntchito yoyendetsa giredala ya boma. Nthawi yotentha ankasalaza misewu ya miyala, nthawi yozizira ankakankha chipale chofewa chogwa kumwamba chija kuti basi ya ana a sukulu idutse. Anakalambira pa mpando womwewo. Anakwatira alamu anga a Arlys, kamayi kakafupi kophika pa sukulu ya pulayimale, kapakamwa kuposa ine, ndipo zimenezo si zapafupi. Mphatso ya ana sanaipate. Chimene achimwene ankadziwika nacho m'chigwa chonse chinali chimodzi: chipolopolo chimodzi, nyama imodzi.

Ndikamanena izi sindikukometsa poti ndi m'bale wanga. Ine ndakalambira m'butchala yodula nyama za alenje. Mwamuna aliyense wa m'tauni muno amabwera ndi bodza lake pakamwa, koma nyama yake ikafika pa tebulo langa imanena zoona. Ndaona ntchafu zophwanyika, nsagwada zothyoka, matumbo ophulika fungo lake losaneneka. Eliki ya achimwene inkabwera ndi kabowo kamodzi kuseri kwa phewa, mapapo onse awiri ataboola, chaka ndi chaka. Ndinkatha kuizindikira ndisanaone dzina.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera zipolopolo zachilendo, zazifupi koma zonenepa, zodzaza wonga mpaka m'khosi. Amuna anapenga nazo. M'sitolo ya mfuti ya a Merle Ostby, mnzawo wa achimwene wa kuubwana, khofi ankazizira m'makapu anthu akukangana. Ena ankati mfuti ya 300 ndiye yeniyeni, chipolopolo chake n'cholemera, chimaswa fupa n'kutulukira uko. Ena ankati ya 270 imauluka mowongoka ndipo simenya phewa. Pakuti ya 300, abale, imamenya theche ngati bulu, makamaka m'timfuti topepuka timene anthu amakonda kukwera nato mapiri.

Achimwene anali mbusa wa mpingo wa 300.

"Eliki si gwape," ankatero, akugogoda pa kauntala. "Nkhunzi yolemera ngati hatchi muiwombere ndi nsingano? Ya 270 njowombera zitini kuseri kwa nyumba."

Anagula zonse ziwiri. Ya 300 yawo, ya 270 ya alamu, ati poti mzimayi sangapirire theche. Anaifupikitsa mtengo wake wotsamiritsa paphewa kuti iwakwane, ndipo alamu anasokerapo kachikopa poika tsaya. Ndiye taonani chipongwe chake: alamu anayamba kupha eliki ndi nsingano ija chaka chilichonse. Achimwene akayamba ulaliki wawo pa chakudya cha Lamlungu, alamu ankangoloza mphika.

"Bambo, tapitani mukaiuze eliki ili m'firijimo kuti sinafe bwino. Muipepese, muti inafa ndi mfuti yolakwika."

"Unachita mwayi, iwe."

"Eya, mwayi. Onjezerani mwayi wina m'mbalemo, watsala wambiri."

Tinkaseka mpaka misozi. Ndimawasowa mayi amene uja, ndimawasowa kwambiri.

Kuseri kwa phiri la Sawback kuli dera limene munthu sungangolowa ndi chiphaso wamba. Kumakhala nkhunzi zikuluzikulu, ndipo ziphaso zake n'zochepa, amachita maere. Awiriwo ankalembetsa chaka chilichonse kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Anagwirizana kuti amene adzagwere maere, mnzake adzamunyamulira chikwama. Maere sankawagwera. Chaka chilichonse yankho likabwera alamu ankati, "Basi, nkhunzi yathu ikunenepabe."

Kenako alamu anadwala khansa, ndipo sinachedwe nawo. Mfuti ya alamuwo achimwene anaiimika m'kabati, kuseri kwa majasi awo, osaikhudzanso. Chisanu chotsatira anaterereka pa ayezi akutsika giredala n'kuphwanya phewa lamanja. Madokotala analumikiza ndi zitsulo. Ntchito inathera pomwepo. Munthu amene ankadzuka mbandakucha kukatsegula misewu anayamba kukhala pawindo kuyang'ana mnyamata wina akukankha chipale molakwika.

Maere anadzawagwera pamenepo. Mkazi ali m'manda, phewa lili la zitsulo, zaka zitapitirira makumi asanu ndi awiri. Mwayi wachipongwe ngati umenewo sindinauonepo. Anabwera nacho chiphaso ku butchala atachiika m'thumba la pamtima.

"Verna, chabwera."

"Chabwera mochedwa, achimwene."

"Chabwera basi. Udzandinyamulira chikwama iweyo."

Ndinavomera. Ndikanakana bwanji? Tonse tinkadziwa kuti umenewu unali ulenje wawo womaliza, ndipo chiphaso chotero sichibwera kawiri kwa munthu wa msinkhu wawo.

Anayamba kupita ku dzenje lokumba miyala kunja kwa tauni kukayesa mfuti. Tsiku lina ndinawatsatira. Ndinapeza pepala lowombera lili ndi mabowo mbali zonse, lina kumwamba, lina pansi, lina pa thabwa. Munthu amene kale mabowo ake unkawaphimba ndi chivindikiro cha botolo! Anati galasi la mfuti lasuntha. Kenako anati mphepo. Kenako anati zipolopolo za masiku ano amapanga mwaulesi.

"Bweretsani ndikuikireni ine zipolopolozo," ndinatero. "Inu yang'anani uko."

Ndi njira yakale imene bambo ankatiyesera tili ana. Umaikira mnzako mfuti iye osaona, nthawi zina umaika chipolopolo, nthawi zina umaisiya yopanda kanthu. Ndinaisiya yopanda kanthu n'kuwapatsa. Anakhala bwinobwino, anatsamira pa thumba la mchenga, anapuma. Atakoka, kunangomveka kuti "tche." Koma thupi lonse linadzidzimuka. Maso tsinzini, phewa linathawira kutsogolo, mlomo wa mfuti unagwa mpaka kuloza dothi. Thupi lawo linkaopa theche lija lisanafike, ndipo eni ake sankadziwa.

Iwo anali ataona okha.

Ndinapita ku galimoto yanga n'kutulutsa mfuti ya alamu. Ndinali nditaitenga m'kabati m'mawa womwewo, pakuti kiyi wa nyumba yawo ndinali naye.

"Wakupatsa ndani chilolezo?"

"Ndadzipatsa ndekha. Wombani, mukandikalipire pambuyo."

Anaitenga ngati akunyamula mwana wa eni. Anawomba katatu. Mabowo atatu anagundana pakati pa pepala, ngati kale. Ndinakuwa ndi chimwemwe, ndinati zatheka, nkhani yatha. Nditacheuka ndinapeza sanadzuke. Tsaya linali likadali pa kachikopa kaja, ndipo misozi inkatsikira pa mtengo wa mfuti.

"Pakumvekabe mafuta ake odzola aja," anatero. "Verna, sindingathe. Pano ndi papepala. Koma kuphiri kuja, kumene tinkayenera kupita awiri, ndikaika tsaya pamenepa sindikaona nyama. Ndikaona iyeyo."

"Iyeyo akanakutukwanani mukanaisiya. Mukudziwa."

"Ndikudziwa."

Anaitenga kupita nayo kunyumba, ndipo ndinaganiza kuti mwina afewa. Mwina akanafewadi. Koma tauni yathu ndi yaing'ono, wina anatiwona ku dzenje kuja, ndipo achimwene atalowa m'sitolo ya a Merle Loweruka, nkhani inali itafika kale. Ine ndinali momwemo, ndinkagula mwala wonolera mipeni.

A Merle akanawaseka, zikanakhala bwino. Akanati, "Mbusa walowa mpingo wa zitini!" achimwene akanabweza chipongwe, onse akanaseka, n'kugula bokosi la zipolopolo za 270. Amuna amenewa akhala akunyozana kuyambira ali ndi makabudula. Koma a Merle anachita chinthu choipa kwambiri mosadziwa. Anawamvera chisoni. Anatsitsa mawu, n'kuwagwira paphewa lomwe lija.

"Orval, tenga yaing'onoyo, mnzanga. Pa msinkhu wathuwu palibe angakuseke. Tonse tikumvetsa."

Amuna ena awiri amene anali pa khofi anayang'ana m'makapu mwawo. Ndinaona khosi la achimwene likufiira.

"Mukumvetsa chiyani? Ndafa ine? Ndipatse bokosi la 300, lolemera lija."

"Aaa, Orval..."

"Ukugulitsa kapena ukulalikira?"

Panja ndinawagwira dzanja. "Achimwene, makani amenewa mukuchitira ndani? Nyama ija ilibe nazo ntchito zoti a Merle akuganiza chiyani."

"Ndasaka ndi mfuti imeneyi iwe ukungodula soseji. Pa nyama sindidzaphethira. Papepala ndi papepala."

"Thupi silidziwa kuti ili ndi pepala!"

"Ndatha, Verna."

Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinawauza mawu amenewo pamaso, ndi ena oposa apo amene sindingawabwereze. Ndinakwiya mpaka sabata yonse sindinawaimbire foni. Koma tsiku lonyamuka litafika ndinali pakhomo pawo ndi buledi, nyemba za m'zitini ndi fulasiki ya khofi. Mfuti ya alamu ndinainyamula ine. Ndinati njoopsezera zimbalangondo, iwo anangoyang'ana kumbali.

Unali mwezi wa Novembala. Tinkayenda pang'onopang'ono, agogo awiri m'phiri, kupuma pa mwala uliwonse. Masiku oyamba tinkangoona zazikazi ndi tinkhunzi tating'ono. Kenako m'mawa wina, dzuwa litangowala pa chipale, inatuluka m'mapaini tsidya la kakhwawa. Mayo ine! Ndadula nkhunzi zambiri pa moyo wanga, koma yamoyo yotero ndinali ndisanaione. Khosi lakuda bii, nyanga zofika pamsana, mpweya ukutuluka m'mphuno ngati utsi. Inaima chopingasa, si patali ayi. Pa mtunda wotero achimwene a kale sakanaphonya ngakhale atawadzutsa kutulo.

Ndinayala chikwama pansi. Ndinawasonyeza mfuti ya alamu ndi maso okha. Anapukusa mutu, n'kugoneka yawo pa chikwamapo.

Ine sindinayang'ane nyama. Ndinayang'ana nkhope yawo. Ndipo ndinaona maso akutsinzina mfuti isanalire.

Chipolopolo cha m'mapapo chimamveka mouma. Ichi chinamveka "phwa," ngati wamenya thumba lonyowa. Nkhunzi ija sinagwe, sinathamangenso. Inapinda msana, inaweramitsa mutu, n'kulowa m'mapaini pang'onopang'ono ngati munthu wodwala akubwerera kuchipinda. Achimwene asanaikenso chipolopolo china ndi phewa lawo lija, inali itasowa.

"Chalowa bwino," anatero. Mawu awo anali ngati akufunsa.

Titafika pamene inaima tinapeza ubweya, timadontho ta magazi akuda, ndi madzi obiriwira osakanikirana ndi udzu wotafuna. Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake. Chinalowa m'matumbo. Nyama yotero imatha kuyenda mtunda wautali, ndipo imafa pang'onopang'ono ndi ululu woopsa. Achimwene anagwada, anagwira madziwo ndi chala, ananunkhiza, n'kukhala pansi pa chipale pomwepo.

Nyama ya m'matumbo suithamangitsa. Umaisiya igone, iume miyendo, uipeze pamene yagona. Tinadikira, monga bambo anatiphunzitsira. Tili chidikirire kumwamba kunada. Pamene tinkayamba kulondola, chipale chinali chitayamba kugwa, chachikulu, chonyowa. Tinapeza pamene inagona koyamba, dzenje lofiira m'chipale, koma inali itadzuka. Tinaona dontho pano, dontho uko. Kenako panalibenso kanthu, phiri lonse linangoti mbee.

Tinaifunafuna mpaka miyendo yanga inatupa. A Merle anatseka sitolo n'kubwera ndi mahatchi, nkhope ili yogwa, osatchula za mfuti ngakhale kamodzi. Tinalowa m'khwawa lililonse. Tinkayang'ana kumwamba kuti mwina akhwangwala atisonyeza. Achimwene sankadya. Ankatsogola ndi ndodo, kubaya mulu uliwonse wa chipale, ndipo kawiri ndinawamva akulankhula okha, akuti, "Pepa, pepa."

A Merle atabwerera kwawo tinatsala awiri. Nyengo yosaka inali isanathe, chiphaso chinali chikadali chathunthu m'thumba la pamtima. M'mawa wina tikutsika kakhwawa kena, tinangoona nkhunzi ina ili njo, pafupi kwambiri moti ndinkaona chipale pa nsidze zake. Sinali yovulala ija. Iyi inali yathanzi, mimba yoyera bwino, nyanga zazikulu mwina kuposa yoyamba. Inkatiyang'ana, osathawa.

Ndinavula mfuti ya alamu paphewa n'kuwagwiritsa m'manja.

"Achimwene, chonde," ndinanong'ona. "Boma likukulolani. Palibe adzanene kanthu. Mwadikira moyo wanu wonse. Iyi simuphonya nayo, mukudziwa."

Anaigwira. Anaiyang'ana nkhunzi ija nthawi yaitali, chala chikusisita kachikopa kaja. Kenako anandibwezera mfuti. Anapisa m'thumba, anatulutsa chiphaso ndi kampeni kawo kopinda, n'kudula mwezi ndi tsiku. Osati tsiku limenelo ayi. Anadula tsiku limene anawomba.

"Yanga ndinawombera kale," anatero, osanong'ona n'komwe. "Ili penapake m'phiri muno."

Nkhunzi ija itamva mawu inatembenuka n'kukwera mtunda, osafulumira. Ndinalira, ndinawatukwana, ndinatukwananso bambo athu m'manda mwawo ndi lamulo lawolo. Iwo anangopinda chiphaso n'kuchibwezera m'thumba, poti panalibe nyama yochimangirirapo.

Kuyambira pamenepo sanagwirenso mfuti. Zonse ziwiri anandipatsa ine, zili m'kabati mwanga. M'sitolo ya a Merle anasiya kupitako. Chipale chitasungunuka anayamba kuyendetsa galimoto kupita kuseri kwa Sawback kukafuna mafupa, ndipo anatero mpaka tinawalanda makiyi, tsiku limene anaiwala njira yobwerera kwawo munthu amene anasalaza msewu uliwonse m'boma lino. Mafupa a eliki m'phiri ndi ambiri. Ankabwera nawo, kuwayang'anitsitsa, n'kunena kuti si yomweyo.

Pano ali ku nyumba yosamalira okalamba, ku tauni yaikulu. Mutu wapita. Giredala anaiwala, a Merle atamwalira sanadziwe kuti tikunena ndani. Ine masiku ambiri amanditcha Arlys, ndipo ndimavomera. Koma ndikangolowa pakhomo, ndisanavule n'jasi lomwe, funso limakhala limodzi.

"Mwaipeza?"

Ndinkayankha kuti ayi, tikufunabe, ndipo ankayamba kuvutika, kufuna nsapato, kuti tinyamuke chipale chisanagwe. Namwino wina, mtsikana wabwino mtima, ananditengera pambali.

"Amayi, bwanji osangowauza kuti munaipeza? Sadzakumbukira kuti n'zabodza. Apumule agogowa."

Ine kunama sindikutha, n'chifukwa chake ndilibe anzanga ambiri. Koma Lamlungu lapitali ndinayesa. Ndinakhala pa bedi, ndinawagwira dzanja.

"Tinaipeza, achimwene. Sinapite patali. Inagona pansi pa paini, inafa msanga."

Nkhope yawo inawala. Anafinya dzanja langa mwamphamvu.

"Chinalowa pati?"

"Kuseri kwa phewa. Pamalo panu pomwe paja. Ndinaidula ndekha, ndinaona."

Anandiyang'ana. Kuwala kuja kunazimiririka pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chino maso awo anandizindikira bwinobwino.

"Ukunama, Verna," anatero. "Ndinatsinzina."